Msoko wa pa Mutu wa Andreya

Lolemba, 4 Okutobala 1976

Kutentha. Nyanja bata. Khoka langa likadali pa mtanda woyanikira, chaka chachitatu tsopano. Makoswe alidya kumathero.

Ndamuona Malita lero, mwana wa Eva wa kwa Mzomera. Amachokera kuchitsime, ndowa pamutu, akudzandira ngati woledzera. Wagunda mtengo wa mango umene wakhala pa njirayo chibadwire iye. Anzake kuseka. Ine ayi. Mwana wanga Andreya anayamba choncho.

Mkazi wanga Dora akuti, "Musayambe, bambo. Si mwana wanu."

Lachitatu, 6 Okutobala

Ndilembe pano, poti pakamwa palibe wondimva. Sukulu ndinalekera Sitandade 3 ku mishoni, koma zimene ndinaona ndi maso anga ndikuzidziwa.

Andreya. Mnyamata wokoka chingwe ngati anthu awiri. Mutu m'mawa uliwonse. Kusanza asanadye kanthu. Kenaka kuona mabwato awiri pamene pali limodzi. Mphini tinatema, sizinathandize. Ndinagulitsa ngalawa, basi mpaka ku Salima, sitima mpaka ku Blantyre. Dokotala anaunika m'maso mwake ndi katochi, anajambula mutu, nati muli chotupa mu ubongo. Tinachedwa.

Atamwalira, dokotala uja anandipempha. Anati nthendayi sadziwa chimene chimayambitsa, akufufuzabe, akuno ndi akunja. Ndiwalole atsegule mutu aone, mwina mwana wa wina adzapulumuka. Ndinalola. Ndinkaganiza kuti ndikuchita zabwino.

Mtembo unafika kuno uli ndi msoko kuchokera khutu ili mpaka linalo. Wosambitsa anali Mzomera, mnzanga wa m'bwato limodzi kuyambira unyamata. Anauona. Sanandifunse. Anatuluka n'kukanong'oneza anthu kuti Timoteyo wagulitsa ubongo wa mwana wake kuti khoka lizigwira chambo. Kukhwima.

Chiyambire tsiku limenelo palibe wagwira chingwe changa. Khoka sukoka wekha. Nsomba zanga ngakhale zaulere sazifuna.

Loweruka, 9 Okutobala

Ndapita kwa Eva pamene bambo ake, Mzomera, anali kunyanja. Malita gone pamphasa, nsalu yonyowa pamphumi, mphini zatsopano m'mbali mwa maso. Ndinakweza chala chimodzi. Ndati zingati? Akuti, "Ziwiri, agogo."

Ndamuuza Eva zonse. Kuti kuchipatala chathu cha pa boma angomupatsa mankhwala a mutu poti makina ojambulira za m'katimo alibe, apemphe kuti amutumize ku Blantyre. Analira. Akuti mwamuna wake ali ku Joni, zii chaka chonse. Mpunga anagulitsa kale, zinathera kwa asing'anga.

Potuluka ndinakumana ndi Mzomera pa mpanda, nkhafi paphewa. "Wa kwanu unamaliza, tsopano wafuna wa kwathu?" Mawu oyamba m'zaka zitatu.

Ndinayenda osatembenuka.

Lamulungu, 10 Okutobala

Kutchalitchi. Ndinapempha akatekisiti kuti ndiyankhule mapemphero akatha, ndifotokoze zizindikiro za nthendayi, tisonkhe kangachepe. Akuti mawu ndi abwino, koma akachokera kwa ine anthu atuluka. Ananena mwaulemu. Zopweteka kwambiri ndi zaulemuzo.

Benchi langa lokhalokha lili ndi malo. Ena amathinana ngati usipa m'dengu.

Lachiwiri, 12 Okutobala

Ndati ndiyende ndi mbale khomo ndi khomo. Ndisanafike nyumba yachitatu, atcheyamani a nthambi ya chipani andiitanitsa. Khadi la chipani kaye. Ndawaonetsa. Akuti kusonkhetsa ndalama m'mudzi popanda chilolezo ndi mlandu, kuitana anthu pamodzi ndi msonkhano, ndipo msonkhano uli ndi eni ake. Chilolezo chichokere ku boma, mwina mwezi wamawa.

Malita alibe mwezi wamawa.

Poperekeza anatsitsa mawu. "Koma kukoka khoka si msonkhano, madala. Sindinamvepo munthu atamangidwa chifukwa cha chambo."

Ndakhala ndikuganiza zimenezi tsiku lonse. Lamulo la padoko aliyense amalidziwa, wogwira chingwe amapita ndi ndiwo. Nanga tsiku limodzi onse atasiya ndiwo zawo, mwini khoka n'kusiya gawo lake, zonse n'kugulitsa? Khoka lalikulu kuposa langa kulibe kuno mpaka ku Chia.

Lachinayi, 14 Okutobala

Masiku awiri kusoka mabowo a makoswe. Zala zauma, maso sakuonanso mfundo. Dora akuthandiza, akung'ung'udza.

Ndauza anyamata apadoko za nzeru ija. Onse maso pansi. Mmodzi akuti amayi ake anamuletsa kukhudza chingwe chodyera munthu.

Lachisanu, 15 Okutobala

Kwabwera a Sufiyani, aja ouma nsomba kuseri kwa mzikiti. Munthu wosazungulira. Akuti nzeru ndi yabwino, choipa ndi dzina langa. Khoka alitenge iwo, alinyike kaye m'makungwa mwatsopano lisinthe mtundu, anthu auzidwe kuti aligula. Ine ndisaoneke padoko. Ndisatchulidwe.

Ndati ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti.

Akuti, "A Timoteyo, mukufuna mwana apite ku Blantyre kapena mukufuna Mzomera achite manyazi? Sankhani chimodzi, wallahi zonse ziwiri simuzipeza."

Ndinawathamangitsa. Ndinati khoka liwolere pomwepo.

Zoona zake ndi izi. Ndinkadziona nditaima pa mchenga, mudzi wonse uli pa chingwe changa, ine ndikufotokoza za chotupa, Mzomera mutu pansi. Mawu ake ndinawakonza kalekale. Ndimawabwereza ndikamalima chinangwa.

Loweruka, 16 Okutobala

Malita wagwa lero, thovu kukamwa, thupi kugwedezeka. Dora anali komweko. Wabwera, wakhala pakhonde, kenaka akuti, "Andreya atagwa choncho anatsala ndi milungu ingati?"

Ndatuma mawu kwa a Sufiyani. Abwere atenge.

Lachiwiri, 19 Okutobala

Akoka lero m'mamawa. Ine pa chulu cha kuseri kwa munda, patali, ngati wakuba. Anthu mbali zonse ziwiri za chingwe, a kutchalitchi, a kumzikiti, amayi, ana asukulu. Atcheyamani nawonso, thalauza atapinda. Mzomera patsogolo akuyambitsa nyimbo. Pa khoka langa! Mfundo iliyonse ndinamanga ndine.

Linatuluka lolemera. Chambo, mcheni, kampango awiri aakulu. Palibe anatenga ndiwo, ngakhale kansomba ka kambuzi. Ogula a njinga anatha zonse dzuwa lisanafike pamutu.

A Sufiyani ananena mawu ochepa amene ndinawapatsa. Mutu wa m'mawa, kusanza, kuona ziwiriziwiri, musachedwe ndi mphini. Anasokoneza pang'ono, koma ananena. Anthu akuwatama kuti ndi munthu wa Mulungu.

Chakudya chandikanika. Kukondwa ndi kuwawa m'mbale imodzi.

Lachinayi, 21 Okutobala

Anyamuka. Eva, Malita, ndi Mzomera. Mwanayo anachita kumunyamula pokwera basi. Ndinaima kuseri kwa sitolo. Ndinatumiza bulangete la Andreya kudzera kwa Dora, poti ku Blantyre kumazizira m'mawa. Eva analandira. Kaya anauza bambo ake kuti ndi la yani.

Lamulungu, 31 Okutobala

Za ku Blantyre zii. Mitambo yayamba kumapiri. Khoka labwerera pa mtanda wanga, lofiirira, ngati la eni ake.

Ndapemphera kuti achire. Ndadzigwiranso ndikupemphera kuti dokotala anene mawu omwe aja, chotupa, Mzomera amve ndi makutu ake. Mapemphero awiriwa sagwirizana. Mulungu asankhe loyambalo.

Lachiwiri, 9 Novembala

Lole yafika masana. Ndalama za khoka zinamupititsa, zotsala zamubweza.

Amayi akulira kwa Mzomera. Dora wapita kukasambitsa.

Lachitatu, 10 Novembala

Mzomera wabwera yekha m'mawa, asanaike maliro. Sanaodire. Wakhala pansi, pa dothi, osati pa mpando umene ndinamukankhira. Wakalamba m'milungu itatu.

Akuti dokotala anati chotupa chinali chitakula kale, akanabwera chaka chatha mwina. Kenaka anamupempha zomwe zija. Anakana. Tsiku lonse anakana. Eva ndiye anati, bambo, mwana wa wina. Analola.

Akuti, "Msoko uli pomwe paja, Timoteyo. Khutu mpaka khutu. Amayi auona kale."

Akutinso khoka analizindikira tsiku lomwelo. Mfundo zanga amazidziwa, tinaphunzira kwa munthu mmodzi. Anakoka akudziwa.

Pepani sananene. Ndinadikira. Sananene. Wangoti kumanda, adzukulu akamaliza, mwambo wa maliro suletsedwa ndi munthu, ndiime ndiuze anthu chimene chapha Malita ndi chimene chinapha Andreya. Iye aima pambali panga.

Zaka zitatu ndakhala ndikukonza mawu a tsikuli. Okhudza iyeyo, lilime lake, benchi lopanda anthu, ngalawa yanga. Ndawafufuza tsopano, palibe ngakhale amodzi oti n'kunena pa manda a mwana.

Ndiyambira pa mutu wa m'mawa. Kenaka kusanza. Kenaka chala chimodzi chooneka ziwiri. Kuti amayi azidziwa msanga. Kuti khoka likhalepo chaka chilichonse tsiku limodzi, la odwala mutu ndi la madokotala ofufuza aja, ngati atcheyamani angapeze njira yotumizira.

Za ine, kaya.

Belu lalira. Mzomera akadali panja, akundidikira kuti tiyendere limodzi. Jekete lili kuti?