Tizidole ta Ababa Tikukula

Chilomoni, Blantyre
9 Okutobala 2016

Okondedwa achimwene a Kalisto,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kepitauniko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba, ndipo madzi pampopi akubwera mwa apo ndi apo.

Kalatayi ndaibisa pansi pa katoni ya tizidole tanu chifukwa pafoni sindingamasuke. Foni ikangolira ababa amakhala afika kale pambali panga, khutu lili tcheru.

Ndiyambe ndi dandaulo lanu lija. Munatifotokozera kuti pa masewera anuwo mumazungulira tebulo, wina n'kumasimba nthano ya zimphona ndi afiti, ena n'kumayendetsa tizidole m'timabokosi tojambula papepala. Munatinso muyeso ndiye lamulo: munthu wamba aime pa chitsekerero cha botolo la fanta osatulukira, chimphona chokha ndicho chitenge mabokosi anayi. Ine zoti abambo athunthu mumasonkhana Loweruka kuseweretsa zidole ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma lamulolo ndinalimva. Ababanso analimva. Paja katoni yoyamba ya tizidole timene anakusemerani munaiyamikira, munati anzanu ankachita kulimbirana poti nkhope za phingo zinaposa za pulasitiki za m'sitolo.

Yachiwiri ija ndiye munati tizidole takula, tikupondana m'mabokosi. Kankhalamba kafupi konyamula nkhwangwa kanatalika kuposa mnyamata wa uta. Mukukumbukira yankho la ababa? "Iwe Kalisto, kwathu ku Nsanje munthu wa imvi sachepa pamaso pa mwana. Anzakowo uwauze aphunzire ulemu." Munaseka, nanenso ndinaseka nawo.

Achimwene, nkhani si ulemu ayi. Ababa maso akutha.

Kale ankasemera m'kashedi kuseri kwa nyumba. Kenako anasamukira pakhomo, ndipo pano amakhala padzuwa penipeni, thukuta lili kamukamu, ati akufuna mphepo. Nkhope ya kachidole sakuiyang'ananso, amaisisita ndi chala kuti amve pamene pali mphuno. Zala zawo zangodzaza mabala. Kutchalitchi amatsegula buku n'kumaimba mokweza monga mwa masiku onse, koma tsamba limakhala la nyimbo ina. Tangoganizani, munthu amene anasema khola lonse la Khirisimasi la parishi yathu, ndi ubweya wa nkhosa womwe!

Ndinawakokera kuchipatala, akukana njira yonse. Adokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa. Diso lakumanzere linapita kale, lakumanja atipatsa mankhwala odontheza, koma akuti amangochedwetsa, sachiza. Pobwerera mu minibasi, titadutsa m'tauni, ababa anandigwira mkono.

"Petronela, mlongo wako usamuuze. Akamva asiya kuitanitsa. Ndiye ine m'mawa ndizidzukiranji?"

Ndinavomera, koma mwezi wonsewu mtima wakhala ukundiwawa, ndalephera kusunga. Akadzandikalipira adzandikalipire.

Tsono ndili ndi zopempha. Musasiye kuitanitsa. M'katoni muno mupeza anthu otalika ngati chitsononkho, ndipo palibe chitsekerero chimene angaimepo. Anzanuwo muwauze ajambule mabokosi akuluakulu, mapepala sanathe ku Joni. Akakana, onsewo akhale zimphona basi, nthanoyo aisinthe. Ndipo mukaimba foni mudandauleko pang'ono monga mumachitira, muziti ababa mwakulitsanso. Mukangoyamba kuyamikira zilizonse adziwa kuti ndaulula, paja inu kuyamikira si khalidwe lanu. Kukangana nanu za muyeso kumawasangalatsa, akatha kuyankhula nanu amayenda pabwalo akudziseka okha.

Chopempha chachikulu n'chakuti mubwere pa Khirisimasi ino. Ndikudziwa kuti muyamba zija zoti kuntchito sakulolani, kapena kuti mutumiza kenakake pa basi. Zotumiza talandira zambiri ndipo tikuthokoza, koma ulendo uno tikufuna inuyo. Ndinawafunsa adokotala za chaka chamawa, iwo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti tizidontheza mankhwala osadumphitsa. Ndili ndi mantha, achimwene, ndipo kuwanyamula ndekha kwandilemera.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chili pamwamba pa katoniyo n'chawo, musachisandutse nsalu ya patebulo la masewera. Anzanu a zidolewo nawonso alandire moni, ngakhale sitidziwana.

Ababa akuti moni wambiri kwa inu, koma wochuluka kwa mdzukulu wawo Madalo. Chithunzi chake chimene munatumiza dzana chinafika. Ndinawapatsa foni, anaiyandikiza mpaka kugunda mphuno, n'kuiyang'ana nthawi yaitali akumwetulira. Anati, "Eee, mphumi iyi ndi ya kwathu ndithu, wafanana ndi ine mwanayu." Pamene ankanena zimenezi n'kuti foniyo itazima kale.

Mubwere naye, achimwene.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Petronela