Mlandu wa chambiko

Lolemba, 9 Juni
Tabwerako kuchipatala. Bambo a Fadzai awatapa kanyama m'kapamba, zotsatira Lachitatu la sabata la mawa. Maso achita chikasu, lamba aboolanso bowo lina, koma pakamwa pokha sipanaonde. Auza nesi kuti kanyamako akamaliza kukayeza awabwezere.

Lachiwiri, 10 Juni
Fadzai wabwera kuchokera ku yunivesite ndi mabuku ake. Akuti m'zotupa za khansa ya kapamba mumachuluka timapuloteni togwira kashiamu. Ine ndangomvapo kashiamuyo basi. Zaka 31 ndikuwamwetsa chambiko, kuwadyetsa matemba ndi minga yomwe, zonsezo zodzaza kashiamu. Ikakhala khansa, ndiye kuti ndawapha ndine.

Lachinayi, 12 Juni
Chambiko ndaletsa. Matemba ndapatsa Mai Tendekai apafupiwa. Ketulo ndaipala zoyera zija zimasiya madzi apachitsime, poti nazo ndi kashiamu, mpaka yabooka. Akuluwo akuti iwo kufakitale ya ku Workington anapala maboila zaka 20 osaboola ndi imodzi yomwe. Tiyi ndawiritsa mumphika, amwa akudandaula kuti akumveka nyemba.

Loweruka, 14 Juni
Ndawagwira kuseri kwa khola la nkhuku, kapu abisa kumbuyo, ndevu zili mbuu. Akuti, "Ndi imvi izi, mayi." Imvi zodontha.

Lamulungu, 15 Juni
Ndamuuza Fadzai za nkhondo yanga, waseka mpaka kukhala pansi. "Aiwa Mhamha, si kashiamu wa m'mbale. Izi zimachitika mkati mwa maselo. Timapuloteniti tonse tili nato, kungoti pa chotupa timachuluka n'kumachithandiza kufalikira." Ndamufunsa katatu ngati si ine. Kachitatuko anasiya kuseka. "Si inu, Mhamha."

Mtima unakhala pansi pang'ono. Koma atatenga mapepala akuchipatala a bambo ake, anawerenga nthawi yaitali osadzutsa mutu. Ndikuopa.

Lachiwiri, 17 Juni
Phala masipuni atatu basi.

Lachitatu, 18 Juni
Ndi khansa. Dokotala akuti yafika kale kuchiwindi. Zina zonse zomwe ananena anamva ndi Fadzai, ine makutu anatseka.

Tinakwera kombi, minibasi yobwerera kwathu ku Epworth, mpaka tinafika ku Chiremba. Kenako Bambo a Fadzai akuti, "Ndiye chambiko chija munachimanga chosalakwa. Mukachipepese." Anandigwira dzanja pamaso pa hwindi, kondakitala uja, ndi anthu onse, munthu amene ngakhale pa ukwati wathu anachita nazo manyazi.

Siteji yathu tinaiona ikudutsa. Palibe anauza hwindi kuti aimitse.