Kathovu ka Bambo a Abacar

Angoche, Lachitatu

Okondedwa azakhali a Muanacha,

Landirani moni. Ife tilipo, Abacar wamera mano awiri. Pepani zolemba zokhotazi, ndikulemba mothamanga.

Bambo ake agula chichitsulo chakale cha oyendetsa ndege, akuti ukayezera dzuwa chimakuuza pamene uli. M'kati mwake muli kagalasi ka madzi kokhala ndi kathovu. Atachitsegula munatuluka mphemvu zakufa, fungo lake ine mpaka kusanza. Madziwo anali atauma, ndiye athiramo palafini ndi kajekeseni komwetsera mwana mankhwala, n'kukabwezera m'kapu osatsuka!

Dzulo masana anaima pakhomo kuyeza dzuwa, n'kuwerengera mpaka thukuta kamukamu. Chitsulocho chati nyumba yathu ili ku Nampula kwanuko. Ine ndinati, "Bambo a Abacar, ndiye pitani mukawapatse moni azakhali, ali kuseri kwa bafaku." Iwo amvekere, "Iwe wolekezera kalasi yachinayi ungadziwe chiyani? Changophonya pang'ono, ndimanga kasikuluwu."

Pang'ono! Chikhalirecho akuti mphepo ikatembenuka tikwera ngalawa kupita ku zilumba za Comoro, ine ndi mwana yemwe, chotilondolera n'chimenechi. Kumeneko mtunda suoneka, azakhali, ndi madzi okhaokha.

Lero m'mawa apeza kagalasi kaja katasweka, kathovu kulibe. Akufunsa aliyense kuti wagwira ndani. Musi wanga ndautsuka kawiri koma ukununkhabe palafini. Musandifunse zambiri.

Kodi m'kachipinda kanu kosungira makala kaja mulibe munthu? Ife awiri sitidya zambiri. Yankho mumpatsire wobweretsa kalatayu, asadzere kunyumba, andipeze kumsika.

Ndine mwana wanu,
Atija