Masamba Amene Anadumpha

Lachinayi, ku Utale. Kwatentha, ndipo nyumba ili zii.

Ndabwerako kuchipatala. Adokotala akuti kagalasi kamene anandiika m'diso atachotsa ng'ala kakhazikika bwino. Kamasuntha pang'ono kuti ndiziona patali ndi pafupi pomwe. Koma andichenjeza: "Amayi, patali muziona ndithu. Tizilembo ting'onoting'onoti sindikulonjezani. Kuona pafupi kumatha kuchepa zaka zikamapita."

Ndiye ndangofikira buku lija amuna anga ankandiwerengera pakhonde maso atachita chifunga. Tinawaika m'manda mwezi watha. Ndikufuna ndilimalize ndekha, diso likadalola.

Ndawagwira bodza, bambo a Tamala! Anandiuza kuti mayi wodwala wa m'bukumo anachira, nabwerera kudimba lake. Nditakayikira anaseka, amvekere, "Iyayi, mayi a Tamala, ine ndinganame? Werenganitu nokha." Ankadziwa kuti sindingathe.

Lero ndawerenga. Mayiyo anamwalira, mwamuna wake natsala yekha masamba ambirimbiri. Onsewo anawadumpha, chonsecho nthawi imeneyo n'kuti iwo eni atayamba kale kutsokomola.

Ndaseka mpaka misozi. Tamala, mwana wanga, akukalipa kuti ndisatikite diso.

Zilembo zikuoneka bwinobwino. Koma kaya ndipitirize, kaya ndingowakhulupirira iwowo basi...