Swapu Yanga Yafera M'mazira

Lachinayi. Tsiku lowawa.

M'kalasi ndimawauza ana kuti swapu ndi kusinthana zinthu basi. Kwa ife aphunzitsi, swapu ndi kupeza mnzako wolola kutenga sukulu yako, iwe n'kutenga yake. Miyezi isanu ndakhala ndikusaka wobwera kuno ku Chipangali, kuti ndikakhale ku Chipata pafupi ndi amayi. Sitiroko inawagwetsa.

Lero Mayi Zulu, mphunzitsi wam'tauni amene anavomera, abwera kudzaona nyumba. Ayang'ana denga lodontha, afunsa mtunda wa kumjigo, n'kuti, "Pepani anzanga, ana anga sangakhale kuno."

Ndawaperekeza mpaka kumsewu ndikumwetulira ngati chitsiru.

Madzulo amayi aimba foni: "Mwananga, ubwera liti?" Ndawanamiza kuti mapepala asainidwa. Ati ayamba kale kundikonzera chipinda.