Chigubu cha Achemwali

Lolemba, 5 Juni 2023

Golomoti yandidyanso lero. Malole a ogula mpunga wa ku Bwanje mbali zonse ziwiri, masikelo pa tala penipeni, ngolo pakati, akabaza ponseponse. Kamtunda koti woyenda pansi amakamaliza asanathe nzimbe imodzi, ine mpaka dzuwa paliwombo. Injini ikungolira. Kuizimitsa sindingayerekeze. Sitata inafa mu Epulo, ndipo kuno n'kuchigwa, kulibe kamtsetse kogubuduzirapo. Ukazimitsa pakati pa malole akukankhira kuti?

Madzulo foni ya alamu anga a Gerald, eni ake Sienta imene ndimanyamulira anthuyi. Iwo ali phee mu ofesi ku Lilongwe. Akuti awerengetsera makilomita a Golomoti ndi Mtakataka, mafuta amene ndikunenawa achuluka. Ndawauza kuti galimoto imamwa ngakhale ili chiimire. Aseka. Za sitata akuti tione mwezi ukatha. Mwezi wake uti? Zandinyansa.

Lachitatu, 7 Juni

Ndinadzera kwa achemwali a Katerina kukasiya shuga ndi usipa. Mphumu yawabwerera. Mwera uno, fumbi, utsi wa mapesi a mpunga. Akamapuma m'chifuwa mukulira ngati mwana wa mphaka. Kamankhwala kopopera mkamwa kaja katsala pang'ono kutha.

Komabe nthabwala osasiya. Anandifunsa ngati chigubu chawo chikadalipo. "Bizwick, ukundisungira petulo ngati ndine njinga yamoto?" Kuseka, kenako kutsokomola mpaka misozi.

Chilipo, chodzaza, pansi pa nkhokwe yathu. Chaka chatha atabanika tinazungulira mudzi wonse osapeza galimoto yokhala ndi mafuta, tinawafikitsa ku chipatala cha Mua atayamba kale kuda milomo. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti mafuta sadzasowanso pakhomo. Mkazi wanga Naomi ndiye anachitcha chigubu cha achemwali. Achemwaliwa ndi munthu amene anandilera makolo atatisiya, amene anagulitsa mpunga wake wa chaka chonse kuti ine ndikatenge laisensi. Chigubu chimodzi n'chiyani.

Loweruka, 10 Juni

Tsiku la msika. Kaunjika mpaka pa mzere woyera wa pakati pa msewu. Mayi wina anayala tomato kutsogolo kwa tayala langa n'kumandiyang'ana ngati wolakwa ndine. Hutala mpaka chala kuwawa. Palibe wosuntha.

Nditatuluka m'menemo, masamba a maliro pamsewu tisanafike Mua. Giya wani. Kungodutsa Mua, masamba ena. Giya wani. Anthu akufa bwanji chaka chino, ndipo onse amafera m'mphepete mwa tala? Ndinayankhula mokweza kuti akufa apuma, amoyo tikutha mafuta. Agogo ena kumbuyo anangoti "Mhm." Saidi, dalaivala mnzanga, nditamuuza pa siteji wandidzudzula. Akuti pakamwa pangapa padzandipalira moto.

Pafiling'i pouma. Anyamata a zigubu mtengo wake ngati akugulitsa magazi. Ndikakweza mtengo wa ulendo, okwera akuti ndine wakuba. Ndikapanda kukweza, a Gerald akuti ndine wakuba. Ndine wakuba amene nsapato yake ili ndi chiboo.

Lachiwiri, 13 Juni

A Gerald afika poipa. Akuti mwina mafutawo ndikupopa n'kumagulitsa, mwina ndili ndi kamkazi ku Mtakataka. Kunena zimenezo pa foni ya mlongo wawo Naomi, ine ndili pomwepo ndikusamba m'manja! Ndinalanda foni. Ndawauza abwere adzakhale pa Golomoti tsiku limodzi lokha, adzaone geji ikutsika galimoto isakuyenda. Akuti alibe nthawi ya nthano. Lachisanu ndalama ya sabata ikhale yokwana, apo ayi makiyi apatsa wina, anyamata ofuna ntchito ndi ambiri.

Naomi duu. Uku mchimwene wake, uku mwamuna wake. Sindikumuda. Koma nanenso ndinafuna liwu limodzi lokha.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. A Gerald m'mimba mwawo muli zii. Fizi ya mwana wathu Hellen ikuchokera m'galimoto yomweyi, ufa womwe.

Lachisanu, 16 Juni

Manyazi. Mafuta anandithera pakati pa Golomoti, kumbuyo kwa lole imene inkapakira matumba mosathamanga ngati msewu ndi wa agogo ake. Injini inangoti tsotsotso, zii. Okwera odzaza, onse atalipira kale, ndalama ya a Gerald itatsala pang'ono kukwana. Ena ayamba kufuna ndalama zawo. Anyamata a zigubu lero analibe olo dontho.

Ndinakwera kabaza mpaka kunyumba. Naomi anandipeza nditagwada pa nkhokwe. "Bambo a Hellen, chimenecho si chanu." Ndinamuyankha kuti ndabwereka chabe, akuti thanki ya mafuta ifika ku Mtakataka mawa masana, ndikadzaza ndi kubweza pamalo pake. Anangondipatuka.

Ndayenda maulendo anga, a Gerald ndawatumizira yawo yonse. Ayankha ndi kachala koloza m'mwamba. Basi.

Kanyali ka mafuta kayaka pobwera. Otsalawo ku Mua angafike, msewu utakhala woyera. Chigubu ndachibweza pansi pa nkhokwe chili gwaa, chopepuka. Mawa lokha.

Loweruka, 17 Juni

Achemwali.

Sindingathe kulemba.

Lamulungu, 18 Juni

Ndilembe, apo ayi mutu uphulika.

Dzulo m'mawa, msika utayamba kale kudzaza, Naomi anabwera akuthamanga kuchokera kwa achemwali. Abanika, kopopera kaja katheratu. Anthu anatikankha, injini inalira. Tinawagoneka kumbuyo, mutu pamiyendo ya Naomi. Mumtima ndimvekere afika, mafutawa afika.

Pa Golomoti malole awiri atayang'anizana, ina ikulowa chambuyo ku sitolo ya mpunga, ina yakana kupatuka. Madalaivala akutukwanizana. Kumbuyo kwanga ngolo, kumanzere kaunjika, kumanja ngalande. Ndinakuwa kuti muli matenda muno. Ena anamva n'kuyamba kukoka mabenchi awo, koma lole sungaikoke ndi manja. Ndizimitse? Ndikazimitsa siidzukanso. Ndisazimitse? Ikumwa. Ndinkangoti tsopano apa asuntha, tsopano apa. Maso pa kanyali, makutu kumbuyo.

Njira itatseguka tinayenda mpaka kungopitirira sitolo yomaliza. Tsotsotso. Zii.

Naomi sanandiyang'ane n'komwe. Bola akanandilalatira.

Saidi ndiye anaimitsa njinga yamoto. Tinawakhazika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, mphepo ya mwera ikuwamenya kumaso. Panjira anandifinya dzanja kamodzi. A ku chipatala anathamanga, anayesetsa ndithu, ndilibe nawo mlandu. Namwino anangoti mukanafika msangako pang'ono.

Msangako pang'ono.

Lero kutacha adzukulu amafuna wina akaike masamba kumsewu. Ndinatenga chikwanje ndekha. Nthambi za mango, uku ndi uku. Ndinaima pamenepo kuonerera magalimoto akukwawa. Minibasi ina dalaivala wake nkhope gwaa, milomo ikuyenda. Ndikudziwa zimene amanena. Sindinamukwiyire. Mkwiyo wonse ndauthera kwina, ndipo wina ndi wa ine mwini.

Lolemba, 19 Juni

Taika.

A Gerald afika anthu tikuchokera kale kumanda. Galimoto yawo yoyera, nsapato zonyezimira. Anagwada bwinobwino, kupepesa bwinobwino, chipepeso m'manja mwa akuluakulu, aliyense aone. Kenako anandikokera kuseri kwa nyumba. Ndinkayesa anena za sitata.

"Pepani alamu ndachedwa. Koma pa Golomoti panupa! Ndangoima pamodzimodzi, geji n'kumatsika ndikuiona ndi maso. Mafuta obwererera sakwana. Simungandipezereko pang'ono penapake?"

Anafunsa ngati ndamva.

Ndinapita ku nkhokwe. Ndinatsegula chigubu chija, ndinaponyamo makiyi a Sienta, ndinatseka. Ndinawapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wake. Anachigwedeza, chinalira ngwerengwere. Ndawauza kuti galimoto yawo ili pamene inafera, kungopitirira sitolo yomaliza, akapeze anthu owakankha.

Naomi anaona zonse ali pakhomo. Sanamuitanire mchimwene wake m'nyumba.

Fizi ya Hellen sindikudziwa. Ufa ulipo wa sabata ino. Mpunga wa achemwali ukadali m'munda, wacha, mbalame zayamba. Mawa ndikamweta. Ndipita wapansi.