Bokosi la Mafupa a Agogo Ambrosio

Lolemba, 5 Meyi

Sabata yatha chiikireni bambo m'manda. Sindinalire. Ndikudya bwino, ndikugona ngati chipika. Koma mawu awo omaliza aja sakuchoka: "Lolo, ukapeze mafupa a agogo anga Ambrosio, adzagone pambali panga." Ine n'kuyankha kuti mawa lomwe. Pakamwa pangapa!

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndakhometsa bokosi la mafupa. Kalipentala akuti laling'ono likwana. Ndati wapenga iwe? Munthu amene anachoka ku Italiya ndi nkhwangwa yokha, n'kugwetsa nkhalango yonse ya kuno, n'kuthamangitsa Amapuche zana, eni nthaka ino, ndi chikoti, fupa lake la ntchafu lilowe m'kabokosi ka nsapato? Wakhoma lalikulu ngati bafa. Iye waseka mpaka kutsokomola. Ine ndimadikira kuti nane ndiseka. Ayi ndithu.

Lachinayi, 8 Meyi

Manda a Ataliyana ndawayenda mtanda ndi mtanda, mvula ili pamsana. Akwathu a Bortolani ali mbwee. Ambrosio palibe.

Azakhali Clorinda: "Zisiye zimenezo. Bambo ako ankabwebweta ndi mankhwala." Chitseko phwaa, ine chipewa chili m'manja.

Lachisanu, 9 Meyi

Palibe. Bokosi lili pakhonde. Nkhuku yaikiramo dzira.

Loweruka, 10 Meyi

Kumsika ndakumana ndi a Evaristo Painemal, Mmapuche wogulitsa mbatata uja. Chiyambire unyamata wanga ndimawanyogodola kuti agogo anga anathamangitsa agogo awo mpaka kutaya mabulangete. Iwo amangoseka. Lero sindinawaputeko, ayamba okha.

"Iwe Mtaliyana wabodza, ndamva ukusaka chimphona chako. Ukusaka kolakwika. Mawa ubwere ndi vinyo, osati wowawasa uja umamwetsa alendo."

Lamulungu, 11 Meyi

Anditengera kumanda a kwawo, paphiri. Bokosi ndinalisiya, ndati ndikaone kaye. Kumapeto kwenikweni mvula yakokolola dothi, ndipo mbali ya chipika chogoba ngati bwato ikuonekera, momwe iwo ankaikira anthu awo kale.

"Ndi uyu," atero.

Ndati musandiseweretse, bambo. Mtaliyana agone m'chipika?

"Anakwatira mlongo wa agogo anga. Ambrosio atamwalira, Ataliyana anzake anamukaniza manda awo, ndiye akwathu anamugobera chipikachi. Mwana wake anzakewo anabwera kudzamutenga, ati akakule ngati mzungu. Mwanayo ndiye agogo ako. Mayi wake ndi uyu wagona pambaliyu."

Ndayeza chipikacho ndi maso. Chitaimirira sichingandipose phewa. Chimphona changa.

Ndafunsa kuti bwanji zaka zonsezi osandiuza, ine ndikubwata pamsika. Akuti bodza langa linkakoma kuposa zoona, ndiponso linkawaitanira ogula mbatata.

Atsegula vinyo, athira pansi kaye, manda onse awiri, kenako andipatsa botolo.

"Ngati ukumufuna, khasu ndikubwereka. Koma ukamutenga, mkaziyu atsala yekha kachiwiri."

Ndakhala pansi, pamatope pomwepo. Ndafunsa dzina la mayiyo. Millaray. Ndalitchula, andiseka kuti ndikulitafuna ngati nyama yolimba. Ndalitchulanso.

Khasu sindinatenge. Ndatapa dothi ndi manja, kwa mwamuna pang'ono, kwa mkazi pang'ono, mpaka chipewa kudzaza. Bambo alandira limeneli.

Potsika a Evaristo afunsa: "Nanga bafa lako lija, msuweni?"

Ndati lisiyeni, nkhuku ikufungatira. Chipewa ndinachita kuchigwira ndi manja awiri.